KUSANKHA INSHUWALANSI YA CHIPATALA YA OKALAMBA KU AMERICA

Awa ndi mawu amene mmodzi wa ife, yemwe amagwira ntchito m'boma, analankhula pamsonkhano wathu wa pachaka. Tawasindikiza onse monga anapemphera mamembala athu amene ali kunja. — Mkonzi



Komiti inandiuza kuti ndilankhulepo za inshuwalansi ya chipatala imene boma la America limapereka kwa okalamba, yotchedwa Medicare. Akuti anandisankha ine chifukwa anthu a m'boma tinazolowera kuwerenga mafomu ndi zikalata zimene anthu ena akangoziona amayamba kuyasamula. Mwina wina adzifunsa kuti nkhani ya ku America ikutikhudza bwanji. Yang'anani m'kaundula wa bungwe lathu. Achimwene ndi achemwali athu amene anatsogola pasukulu paja, ena mwa iwo anapita ku America kalekale ndipo tsopano imvi zayamba, zaka 65 zili pakhomo. Ena a msinkhu wathu anatengera makolo awo komweko. Onsewa akuyembekezeka kusankha, ndipo zosankha zina m'nkhani imeneyi munthu akaziphonya amazilipira mpaka tsiku lopita kumanda.

Tiyambe ndi chiyambi chake, mwachidule. Pulezidenti Lyndon Johnson anasainira lamulo la Medicare pa 30 Julayi 1965 mumzinda wa Independence, m'chigawo cha Missouri, ndipo khadi yoyamba anaipereka kwa Harry Truman, pulezidenti wakale amene anayesa kukhazikitsa inshuwalansi ya dziko lonse koma anakanika. Ndondomekoyi inayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 1966. Inu okonda mbiri yakale mudziwenso ichi: chipatala chilichonse chofuna ndalama za Medicare chinalamulidwa kusiya kusankhana mitundu, kotero kuti zipatala zambiri za kumwera kwa dzikolo zinayamba kugoneka azungu ndi anthu akuda m'mawodi amodzi chifukwa cha ndalama zimenezi. Mu 1972 anawonjezeramo anthu olumala osakwana zaka 65 ndi odwala impso amene afika poti magazi awo azisefedwa ndi makina. Lero anthu a pa Medicare akuposa 65 miliyoni. Chonde musaisokoneze ndi Medicaid. Medicaid ndi ya anthu osauka, ndipo malamulo ake amasiyana chigawo ndi chigawo. Medicare imayang'ana zaka ndi ntchito imene munthu anagwira, ndipo wolemera ndi wosauka onse amalowamo. Alipo okalamba mamiliyoni angapo amene ali ndi zonse ziwiri.

Medicare ya makolo, imene iwo amaitcha Original Medicare, ili ndi magawo awiri. Gawo A limalipira munthu akagonekedwa m'chipatala. Amene anagwira ntchito ku America zaka 10, akumadulidwa msonkho wa Medicare wa 1.45 peresenti pamalipiro ake, salipira kanthu pamwezi pa gawo limeneli, ndipo mkazi kapena mwamuna wake amapindula nawo ngakhale sanagwirepo ntchito. Komabe akagonekedwa amayamba walipira yekha ndalama yoyambirira, imene amaitcha deductible. Mu 2025 inali $1,676 ndipo ya 2026 anaiika pa $1,736. Ndalama imeneyi si ya pachaka ayi. Mukatuluka, n'kukhala masiku 60 osagonekedwanso, kenaka n'kudwalanso, mumailipiranso.

Gawo B ndi la madokotala, kuyeza magazi, kujambula ndi chithandizo china cha odwala oyendera. Ili ndiye aliyense amalipira mwezi ndi mwezi: $185 mu 2025, ndipo $202.90 mu 2026, kupatula amene amapeza ndalama zambiri, poti iwowo amawakwezera. Nalonso lili ndi ndalama yoyambirira ya pachaka, $283 mu 2026. Mukadutsa pamenepo boma limalipira 80 peresenti ndipo inu mumalipira 20 peresenti.

Nkhani yonse yagona pa 20 peresenti imeneyi, chifukwa ilibe malire. Chithandizo cha khansa chikafika $50,000, inu mupereke $10,000, ndipo chikapitirira inunso mupitirire nacho. Kuwonjezera apo Medicare ya makolo siilipira mano, magalasi a maso kapena zothandizira kumva, ndiponso siilipira kusamalira nkhalamba imene yangofooka, yofuna kusambitsidwa ndi kudyetsedwa. Malo ochirirako munthu akatuluka m'chipatala imalipira kwa masiku osaposa 100, ndipo aulere ndi 20 oyamba okha. Ife amene tinakula tikudziwa kuti pakhomo la chipatala cha boma safunsa ndalama, ngakhale mankhwala atasowa, nkhani yoti inshuwalansi ya boma imasiya dzenje lotere imatidabwitsa. Koma ndi mmene ilili, ndipo kusankha konse kumene ndikunena lero n'kusankha chotsekera dzenje limeneli.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba n'kukhalabe pa Medicare ya makolo, n'kugula inshuwalansi yowonjezera ku kampani, yotchedwa Medigap, imene imalipira 20 peresenti ija ndi zina zotsala. Mapulani a Medigap amadziwika ndi zilembo, monga A, G, K ndi N, ndipo boma ndi limene linakhazikitsa zimene chilembo chilichonse chimapereka. Motero pulani G ya kampani iyi ndi pulani G ya kampani iyo n'chimodzimodzi, chosiyana ndi mtengo wokha. Amene walipira zambiri chifukwa cha dzina la kampani wangotaya ndalama. Zigawo zitatu, Massachusetts, Minnesota ndi Wisconsin, zili ndi kakonzedwe kawokawo. Mapulani C ndi F anasiya kugulitsidwa kwa amene anayamba kuyenerera Medicare kuyambira pa 1 Januwale 2020, ndipo n'chifukwa chake ambiri atsopano amathamangira G. Woyenda njira imeneyi amafunikanso kugula payekha pulani ya mankhwala, Gawo D. Ubwino wake ndi woti amapita kwa dokotala aliyense m'dziko lonselo amene amalandira Medicare, popanda kupempha chilolezo pa zinthu zambiri. Kuipa kwake ndi koti mwezi uliwonse ndalama zimatuluka kutatu, kudwala kapena osadwala.

Njira yachiwiri ndi Gawo C, lodziwika ndi dzina loti Medicare Advantage. Dzinali linabwera ndi lamulo la 2003 limene anasainira Pulezidenti George W. Bush, lomwenso linabweretsa Gawo D kuyambira mu 2006. Apa boma limapereka ndalama ku kampani mwezi ndi mwezi pamutu pa munthu aliyense, ndipo kampaniyo ndi imene imasamalira chipatala, madokotala, ndipo kawirikawiri mankhwala omwe, zonse pakhadi imodzi. Anthu oposa theka la oyenerera ali m'njira imeneyi tsopano, ndipo makampani awiri, UnitedHealthcare ndi Humana, ali ndi pafupifupi theka la anthu amenewa. Chokopa chake n'chachikulu. Mapulani ambiri salipiritsa kanthu pamwezi, amaikapo za mano, maso ndi makutu, ena ngakhale galimoto yokutengerani kuchipatala, ndipo lamulo limawakakamiza kuika malire a ndalama zimene munthu angatulutse m'thumba pachaka. Mu 2025 malirewo sankaloledwa kuposa $9,350 kwa madokotala a m'gulu la kampaniyo. Kwa nkhalamba ya penshoni yochepa, imene singakwanitse Medigap, zimenezi si zopeputsa.

Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Choyamba, akanena kuti pulani ndi ya $0, ndalama ya Gawo B ija mumalipirabe. Chachiwiri, kampani ili ndi gulu la madokotala ndi zipatala zake. Pa mapulani otchedwa HMO, mukapita kunja kwa gululo popanda matenda adzidzidzi mumalipira nokha zonse, ndipo kawirikawiri kuti muonane ndi katswiri mumayamba mwatenga kalata kwa dokotala wanu wa masiku onse. Pa otchedwa PPO mumaloledwa kutuluka, koma pamtengo wokwera. Chachitatu, ndipo ichi ndiye chimapweteka munthu atagona kale pabedi, zinthu zodula monga opaleshoni ina kapena malo ochirirako zimafuna chilolezo cha kampani. Mu Epulo 2022 ofesi yofufuza ya unduna wa zaumoyo wa dzikolo inatulutsa lipoti loti mwa zopempha zimene makampaniwa anakana, 13 pa 100 zilizonse zinali zokwaniritsa malamulo a Medicare, kutanthauza kuti pa Medicare ya makolo zikanalipiridwa. Munthu ali ndi ufulu wochita apilo, ndipo ambiri amene amachita apilo amapambana, koma amene amayesa n'komwe ndi ochepa kwambiri. Ife a m'maofesi timazidziwa zimenezi: kalata yokana ikakhala ndi chidindo, anthu ambiri amangoipinda n'kubwerera kwawo.

Wina anganene kuti, ndiyamba ndi yotsika mtengoyo ndili wathanzi, ndikadzayamba kudwala ndidzasamukira ku inayo. Apa ndi pamene pali msampha waukulu kuposa yonse, ndipo amene mukulemba lembani apa. Khomo la Medigap limatseguka kwa miyezi 6 yokha, kuyambira mwezi umene munthu wa zaka 65 kapena kuposa walowa Gawo B. M'miyezi imeneyi kampani singakukaneni kapena kukukwezerani mtengo chifukwa cha matenda anu. Ikatha, m'zigawo zambiri kampani ili ndi ufulu wokufunsani za shuga, mtima ndi zina, n'kukukanani. Zigawo zochepa, monga New York ndi Connecticut, zimaletsa kukana kotere nthawi iliyonse. Palinso mwayi woti amene walowa Medicare Advantage atangokwanitsa zaka 65 angathe kubwerera chaka chisanathe n'kugula Medigap osafunsidwa za matenda. Kupitirira apo, kubwerera ku Medicare ya makolo n'kotheka chaka chilichonse, koma mungabwerere n'kupeza 20 peresenti ija ikukudikirani popanda chotsekera. Maganizo anga ndi oti amene thumba likumulola, makamaka ngati ali kale ndi matenda okhalitsa kapena amayendayenda, atenge Medigap khomo likadali lotseguka. Amene thumba silikumulola asadzione wolephera, koma asankhe Advantage yake maso ali gwa.

Tsopano masiku. Nthawi yoyamba kulembetsa ndi miyezi 7: itatu mwezi wokwanitsa zaka 65 usanafike, mwezi womwewo, ndi itatu yotsatira. Kulembetsa kumachitikira ku ofesi ya Social Security. Amene ayamba kale kulandira penshoni ya Social Security amalowetsedwa okha ndipo khadi imawapeza pakhomo. Koma obadwa mu 1960 kapena pambuyo pake penshoni yawo yathunthu imayamba ali ndi zaka 67, choncho ambiri amafika 65 asanayambe kulandira, ndipo amenewa palibe amene adzawalembetse. Wochedwa kulowa Gawo B amamuwonjezera 10 peresenti pa chaka chilichonse chathunthu chimene wachedwa, ndipo chindapusa chimenechi sichitha. Kuchedwa zaka 3, pamtengo wa 2026, ndiye kuti $60.87 yapamwamba mwezi uliwonse, ndipo imakwera mtengowo ukamakwera. Amene akugwirabe ntchito ndipo ali pa inshuwalansi ya kuntchito angathe kudikira, n'kupatsidwa miyezi 8 ntchito ikatha, ngakhale kuti wogwira pa kampani ya antchito osakwana 20 amachita bwino kulowa Gawo B nthawi yomweyo. Inshuwalansi yopitiriza ntchito itatha, imene amaitcha COBRA, siiwerengedwa ngati ya kuntchito, ndipo anthu ophunzira bwino akhala akugwa m'mbuna imeneyi. Gawo D nalo lili ndi chindapusa chake kwa wokhala masiku 63 kapena kuposa wopanda inshuwalansi yoyenera ya mankhwala. Kusintha pulani kumachitika kuyambira pa 15 Okutobala mpaka pa 7 Disembala chaka chilichonse, ndipo amene ali kale pa Advantage ali ndi mwayi wina umodzi kuyambira pa 1 Januwale mpaka pa 31 Malichi.

Za mankhwala zasinthako mokomera okalamba. Lamulo la 2022 linaika mtengo wa insulin pa $35 pamwezi kuyambira mu 2023, ndipo linaika malire a ndalama zotuluka m'thumba pa mankhwala a Gawo D, $2,000 mu 2025 ndi $2,100 mu 2026. Linapatsanso boma mphamvu yonenerera mitengo ndi makampani opanga mankhwala, ndipo pa mankhwala 10 oyamba, monga Eliquis ndi Januvia, mitengo yatsopano anaiika kuti iyambe mu Januwale 2026. Komabe pulani iliyonse ili ndi mndandanda wake wa mankhwala, ndipo malire ajawa amagwira pa mankhwala a pamndandanda okha. Choncho posankha musayambe ndi mtengo wa pamwezi. Sonkhanitsani mabotolo onse a mankhwala a mayi anu patebulo, lembani mayina ake pa tsamba la boma la Medicare.gov pamodzi ndi sitolo imene amagulako, ndipo kompyuta idzakuwerengerani ndalama ya chaka chonse pa pulani iliyonse ya m'dera lanu. Mudzaonanso nyenyezi zimene boma limapatsa mapulani, kuyambira 1 mpaka 5.

A Wapampando, ndiloleni ndikhalitse pa anthu olankhula Chisipanishi, chifukwa ndi iwo gulu lalikulu kwambiri la okalamba amene amakumana ndi ndondomeko imeneyi m'chinenero chosakhala chawo, ndipo zimene zawachitikira zikutiphunzitsa kanthu. Kalembera wa 2020 anapeza anthu a mtundu wa Hispanic oposa 62 miliyoni m'dzikolo. Pakati pa okalamba awo a pa Medicare, pafupifupi awiri mwa atatu alionse ali pa Medicare Advantage, kuposa mmene zilili pakati pa azungu. Zifukwa zake si zobisika. Ambiri anagwira ntchito za malipiro ochepa, m'minda, m'mafakitale ndi m'nyumba za anthu, ndipo penshoni yawo singanyamule Medigap. Ambiri amakhalanso m'madera monga Miami, Los Angeles ndi kumwera kwa Texas, kumene makampani amapikisana kwambiri ndipo kuli zipatala zoti kuyambira mlonda wa pageti mpaka dokotala amalankhula Chisipanishi. Pachilumba cha Puerto Rico oposa 9 mwa 10 alionse oyenerera ali pa Advantage. Komweko kulinso zachilendo ziwiri: anthu ake, ngakhale ndi nzika za America, salowetsedwa okha m'Gawo B monga anzawo a kumtunda, ndipo ambiri akhala akulipira chindapusa chifukwa chosadziwa, komanso salandira thandizo la mankhwala la osauka lotchedwa Extra Help m'njira imene anzawo amalandirira.

Boma linawakonzera zambiri. Buku la malangizo limene limatumizidwa kwa okalamba chaka ndi chaka limatulukanso m'Chisipanishi, ndi dzina loti Medicare y Usted. Tsamba la pa intaneti lija lili ndi mbali yake ya Chisipanishi, ndipo nambala ya boma, 1-800-MEDICARE, imayankha m'chinenerocho. Palinso lamulo loti ngati anthu 5 pa 100 alionse m'dera la pulani amalankhula chinenero china, kampani imasulire zikalata zake zofunika m'chinenero chimenecho. Koma kumasulira mawu si kumasulira nkhani. Ndalama ya pamwezi ija m'Chisipanishi amaitcha prima, liwu limene limatanthauzanso msuweni wamkazi, ndipo gogo amene sanakhalepo ndi inshuwalansi moyo wake wonse sathandizika kwenikweni pongomva liwu la kwawo pa chinthu chimene sachidziwa. Ngakhale ife, mutatimasulira deductible m'Chichewa chomveka bwino, tingafunebe wina atikhazike pansi.

Ndipo apa ndi pamene ogulitsa amalowera. Nyengo ya Okutobala ikafika, mawailesi ndi makanema, a Chingerezi ndi a Chisipanishi omwe, amadzaza ndi malonda a mapulani, ena ooneka ngati uthenga wa boma. Mu Novembala 2022 komiti ya zachuma ya nyumba ya Senate inatulutsa lipoti la chinyengo m'malonda amenewa, kuphatikizapo anthu osamutsidwa pulani iwo osadziwa. Wogulitsa amalandira komishoni. Mu 2025, m'zigawo zambiri, boma linalola mpaka $626 pa munthu watsopano mmodzi wolowa Advantage. Sindikunena kuti ogulitsa onse ndi akuba, ambiri ndi anthu achilungamo ndipo amathandiza. Koma nkhalamba imene yakhala zaka ikuvutika ndi Chingerezi, ikamva mnyamata waulemu akuilankhula chinenero cha kwawo, mtima umagwa pansi ndipo mafunso amatha. Ifenso ndi mmene tilili. Munthu akatipatsa moni wa kwathu kudziko la eni timamutenga ngati mbale. Mufunseni mbaleyo kuti akugulitsira makampani angati, ndipo ndi mapulani ati a m'dera lanu amene iye sagulitsa. Dziwaninso kuti malamulo amaletsa wogulitsa kukuimbirani foni kapena kugogoda pakhomo panu musanamupemphe, ndipo nambala ya pakhadi yanu ya Medicare musaipereke kwa munthu amene wakuimbirani yekha.

Phunziro lina n'lakuti dokotala womva chinenero chako ndi mbali ya mankhwala. Wodwala shuga amene sanamvetse kamwedwe ka mapiritsi ali pangozi ngakhale pulani yake ili ndi nyenyezi 5. Mabuku a mayina a madokotala a makampani amasonyeza zinenero zimene dokotala amalankhula, koma boma litawafufuza zaka za m'mbuyomu linapeza zolakwika pa pafupifupi theka la malo olembedwamo. Choncho imbani foni ku ofesi ya dokotalayo, mufunse ngati adzakhale akulandira pulani imeneyo chaka chikubwerachi, mutchule dzina lonse la pulaniyo, osati la kampani lokha.

Nanga ife a Chichewa? Chiwerengero cha 5 pa 100 chija sitidzachifika m'dera lililonse la America, ndipo zikalata za m'Chichewa musaziyembekeze. Koma makampani a Advantage ndi Gawo D amalamulidwa kupereka womasulira waulere pafoni, ndipo zipatala zolandira ndalama za boma zili ndi udindo wothandiza wodwala wosamva Chingerezi, malinga ndi lamulo la ufulu wa anthu la 1964 ndi lamulo la zaumoyo la 2010. Mu Malichi 2025 Pulezidenti Donald Trump analengeza Chingerezi kukhala chinenero cha boma, n'kufafaniza lamulo la Pulezidenti Bill Clinton la mu 2000 lokhudza thandizo la zinenero m'maofesi a boma, koma chilengezo cha pulezidenti sichifafaniza malamulo opangidwa ndi nyumba ya malamulo. Popempha womasulira tchulani mayina onse awiri, Chichewa ndi Chinyanja, popeza m'mabuku ena chinalembedwa ndi dzina linalo. Ndipo ndikupempheni, musamatume mdzukulu wa zaka 12 kukamasulira agogo ake. Mwambo wathu mukuudziwa. Mayi wamkulu sangatchule matenda a kumalo obisika pamaso pa mwana wake wamwamuna kapena mpongozi, adzangoti m'thupi simuli bwino, ndipo dokotala adzalemba zomwezo.

Za makolo amene ali kale kumeneko ndinene mosabisa. Mlendo wongocheza alibe gawo mu Medicare. Kholo lokhala ndi chilolezo chokhazikika, green card, limene silinagwirepo ntchito m'dzikolo, liyenera kukhala zaka 5 mosadukiza lisanaloledwe, ndipo likaloledwa limagula. Mu 2026 Gawo A logula ndi $565 pamwezi, kapena $311 kwa amene anagwirako ntchito zaka zisanu ndi ziwiri ndi theka. Mukaphatikiza $565 ndi Gawo B mukupeza $767.90 pamwezi, zoposa $9,200 pachaka, Medigap ndi mankhwala tisanawerengere. Kugula Gawo B lokha kumaloledwa, koma kulowa Advantage kumafuna magawo onse awiri. M'zaka zodikira zija kholo lingagulidwe inshuwalansi pamsika umene unakhazikitsidwa ndi lamulo la 2010. Abale a m'banja akhale pansi msanga n'kugawana mtolo umenewu, asausiyire mwana mmodzi amene akusunga kholo. Ndiponso lamulo limene linasainidwa pa 4 Julayi 2025 linachepetsa oyenerera Medicare kukhala nzika, a green card, anthu ena ochokera ku Cuba ndi Haiti, ndi a zilumba zina za m'nyanja ya Pacific zimene zili pamgwirizano ndi America. Othawa kwawo ndi ena okhala movomerezeka koma opanda green card anachotsedwa, ngakhale atakhoma msonkho zaka zambiri, ndipo amene anali kale m'ndondomekoyi anapatsidwa mpaka kumayambiriro kwa 2027. Lamuloli lakhudza okalamba ambiri olankhula Chisipanishi ochokera kumaiko monga El Salvador ndi Honduras, ndipo aliyense wa ife amene mapepala ake ali m'gulu limeneli afufuze msanga.

Ambiri a inu akunja mumatiuza kuti mukadzapuma mudzabwerera kumudzi, ndipo ena nyumba munamanga kale. Medicare siiwoloka nyanja. Kupatula pa zochitika zochepa kwambiri, siilipira chithandizo cha kunja kwa America, kotero kuti khadi yanu ku Lilongwe kapena ku Johannesburg ndi pepala chabe. Mapulani ena a Medigap, monga G ndi N, amalipira 80 peresenti ya matenda adzidzidzi m'masiku 60 oyamba a ulendo, mutayamba mwalipira $250, ndipo malire ake ndi $50,000 pa moyo wonse. Zimenezo n'zothandiza wobwera kudzaona abale pa Khrisimasi, osati wobwera kudzakhala. Pulani ya Advantage imafuna kuti muzikhala m'dera lake, ndipo kawirikawiri mukachokako miyezi yoposa 6 amakuchotsani. Wobwerera kumudzi ali ndi funso lovuta la Gawo B. Akalisunga, azilipira ndalama zoposa $200 pamwezi pa chinthu chimene sakuchigwiritsa ntchito. Akalisiya, n'kudzafuna kubwerera ku America matenda aakulu atamugwira, adzadikira nyengo yolembetsa ya Januwale mpaka Malichi ndipo adzapeza chindapusa cha 10 peresenti pachaka chitaunjikana. Amene akudziwa mumtima mwake kuti matenda aakulu adzathamangira nawo komweko alisunge. Amene watsimikiza kuti wabwerera ndithu, ndalama imeneyo aiike pa inshuwalansi ya kuno.

Thandizo laulere lilipo, ndipo safunsa anadya phula. Chigawo chilichonse chili ndi ofesi ya alangizi yotchedwa SHIP, imene imayendera ndalama za boma, ndipo alangizi ake sagulitsa kanthu kapena kulandira komishoni. M'madera ambiri alipo olankhula Chisipanishi. Iwowa ndi amenenso angakuuzeni ngati kholo lanu likuyenera Extra Help, kapena ndondomeko za Medicaid zimene zimalipirira osauka ndalama ya Gawo B. Pomaliza, amene ali pa Advantage kapena Gawo D amalandira kalata pofika pa 30 Sepitembala yofotokoza zimene zisinthe chaka chotsatira: mitengo, mankhwala ochotsedwa pamndandanda, ndi zina. Envelopu yake imafanana ndi ya malonda ndipo ambiri amaitaya osatsegula. Auzeni makolo anu kuti kalata iliyonse yochokera ku kampani yawo m'mwezi umenewo aziisunga mpaka inu mutaiona, chifukwa kuchokera pamene yafika mpaka pa 7 Disembala pali masabata khumi okha.

A Wapampando, ndaona a mlembi akundilozera wotchi.